Nyerere pa Envelopu ya Moko

Pa zinthu zonse zimene ndinalumbira kuti sindidzachitanso, choyamba chinali kukwera masitepe a sekondale ya kwathu kuno ku Corentyne. Ndinawatsika komaliza ndili Fomu 3, masamu atandigwetsa chagada, ndipo upolisi ndinaulowa pokhulupirira kuti akuba sayenda ndi x ndi y. Koma Lolemba lina m'mawa foni inalira Sajeni atapita kukasaka ng'ombe za eni kuminda ya mpunga, ndiye ntchito inagwera ine, Kopolo Semple.

A Cumberbatch, mphunzitsi wamkulu, anandichingamira pakhonde la m'mwamba atamanga taye ngakhale kunja kunali ng'anjo. Iwowa phunziro lawo ndi mbiri yakale, ndipo ngakhale popempha madzi akumwa amalankhula ngati akutsegulira msonkhano.

"Kopolo, pasukulu ino pagwa chinthu chochititsa manyazi, chimene sichinaonekepo chikhazikitsireni maziko ake."

"Wafa ndani?"

"Palibe wafa. Abedwa ndi mayeso."

Nkhani yake inali yotere. Mayeso a moko a masamu a Fomu 5 ankayenera kulembedwa Lachitatu. Mapepala ake, makumi atatu ndi asanu ndi atatu, anatsekeredwa mu envelopu m'chipinda cha aphunzitsi. Lachisanu masana sukulu yonse inakhamukira kubwalo kukaonera masewero a kiriketi, chipinda chili chokhoma. Lero m'mawa a Khemraj, mphunzitsi wa masamu wa makalasi akuluakulu, anapeza envelopu ija itadetsedwa ndi nyerere. Munthu anali ataitsegula bwinobwino, kutengamo pepala limodzi lokha, n'kuimatanso ndi phala la ufa.

"Chitseko sanathyole?"

"Analowera pawindo la kuseri. Bwerani muone."

Ndinasuzumira, mutu n'kuchita chizungulire. Khoma la matabwa linatsika chiimire mpaka pansi, ndipo m'tsinde mwake munali ngalande ya madzi obiriwira. Tsidya lina la ngalandeyo, m'matope, munali maenje awiri a miyendo ya makwerero. Chapafupi pomwepo ndi tchalitchi chimene ankachipenta, ndipo makwerero awiri a opentawo anali gone pansi pa mtengo, aafupi ndi aatali.

"Wakubayo tamupeza kale," anatero a Cumberbatch, akutulutsa pepala m'thumba. "Anagwetsa ichi m'mphepete mwa ngalande."

Linali pepala la m'kope, lothimbirira mafuta pakona. Mbali imodzi panali ntchito yakale yochongedwa kale, ndi dzina pamwamba: Anjanie Bhagwandin, mtsikana amene tsopano ali Fomu 5. Kuseri kwake munthu anali atajambula ndi pensulo chinthu cha makona atatu, ndi manambala otsetsereka mpaka pansi.

"Bambo ake ndawaitana, afika 2 koloko. Kalata yomuchotsa sukulu yatayipidwa, ndipo dzina lake lichoka pa mndandanda wa olemba mayeso omaliza. Inu mungosaina kuti mwaona."

Ndinayang'ana wotchi. Inali 9 koloko.

* * *

Anjanie ndinamupeza atamutsekera m'laibulale kuti ana ena asamve. Anali kamtsikana kochepa thupi, maso ofiira ndi kulira, koma pakamwa pake panalibe chilema.

"Ine ndibe moko? Kopolo, temu yatha ndinapeza 94. Ndibe kuti ndipeze zingati, 106?"

"Lachisanu unali kubwalo?"

"Kiriketi imandinyansa. Ndinazemba n'kupita kunyumba, ndinadzera njira ya kumunda."

"Anakuona ndani?"

"Ng'ombe."

Ndinamuonetsa pepala. Anavomera kuti dzina ndi lake, ntchitonso ndi yake ya chaka chatha. Mapepala akale, anati, ana onse amaponya m'katoni ya pansi pa masitepe. Apa wapolisi wanzeru akanafunsa kuti katoniyo amakhuthula ndani, koma ine maganizo anali pa manambala aja amene ankandiopseza ngati agalu a eni.

"Nanga zakuserizi?"

Anaziyang'ana nthawi yaitali, atakwinya nkhope. "Zam'mwambazi ndi za Fomu 3. Koma zam'munsizi sindinazionepo chibadwire."

"Ahedi akuti ukunama."

"Ahedi sadziwa kusiyana kwa saini ndi sayini ya pamsewu." Anapukuta mphuno, mawu n'kutsika. "Kopolo, bambo anga ananena kale kuti mtsikana sukulu yafika apa yakwana. Mayi ndiwo anawagwira mwendo. Akangomva kuti ndaba, lero lomwe andikweza basi ya ku New Amsterdam ndikagulitse nsalu m'sitolo ya azakhali. Sindidzabweranso."

Ndinamva chisoni, sindibisa. Ndinapinda pepala lija kuti dzina lisaoneke, n'kupita kukachita chimene ndinathawa zaka makumi awiri zapitazo, kulowa m'kalasi ya masamu.

* * *

Makalasi atatu oyambirira amawaphunzitsa ndi Madamu Adonis, mayi wachangu amene amayenda choko chili m'manja ngati ndodo. Tinayambira ku Fomu 1. Pa bolodi panali mikombero iwiri yolowana.

"Ana inu, uzani a Kopolo zimene tikuphunzira."

"Maseti!" anakuwa onse pamodzi.

Kamtsikana ka kutsogolo kanaimirira. "Uku ndi anthu okonda mango, uku okonda chinanazi, pakatipa ndi adyera okonda zonse. Timaphunziranso tizigawo ndi maperesenti. Inu a Kopolo muli mbali iti?"

"Pakati," ndinatero, ndipo kalasi yonse inagwa n'kuseka. Pepala lija atalionetsedwa anati ndi chithunzi cha tenti.

Ku Fomu 2 kunali aljebura, mdani wanga wakale. Mnyamata wina wamtali analitembenuza pepalalo uku ndi uku, n'kundibwezera. "Si lathu ili, bwana. Mulibe x. Ife chaka chino chilichonse chimene sitikuchidziwa timachitcha x, kenako timamusaka mpaka atapezeka."

"Ndiye ntchito yathu ndi imodzi," ndinatero. "Kungoti wanga x ali ndi miyendo."

Ku Fomu 3 manja anakwera ndisanamalize n'kufunsa komwe.

"Lamulo la Paithagorasi ilo!"

Madamu Adonis anandifotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi ana ovuta mutu. Khoma laima chilili, nthaka yagona, makwerero atsamira pakati. Ukadziwa kutalika kwa khoma ndi kukula kwa ngalande, utha kudziwa makwerero ofunika usanawanyamule. Munthuyu anawerenga matabwa a khoma, anapeza makumi anayi, lililonse mainchi asanu ndi limodzi, ndiye kuti mafiti 20. Ngalande mafiti 9. Twente kuchulukitsa ndi twente, naini ndi naini, kuphatikiza, 481.

"Tsono apa pamafunika sikweya ruti," anatero, "nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatse 481. Ana inu, timatani?"

"Timadina kalikuleta!"

"Komanso Madamu," anatero mtsikana wina wa magalasi, "mafiti ndi chiyani? Ife mukatipeza talemba mafiti mumatidula malikisi. Timalemba mamita."

Madamu Adonis anayang'anitsitsa manambala otsetsereka aja. "N'zoona," anatero chapansipansi. "Ndipo izi zam'munsizi ine sindinaphunzitsepo mwana aliyense."

* * *

A Khemraj ndi mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, wa mawu ngati wolengeza mabasi. Ndinawapeza ku Fomu 4 akukuwa za saini, kosi ndi tani. Ana a m'kalasi imeneyi anayang'ana pepala lija monyoza.

"Paithagorasi? Za ana izo," anatero wina, atatsamira mpando. "Ife tikanayeza ngodya ya makwerero, basi. Tipatseni ngodya imodzi ndi mbali imodzi, tikuuzani kutalika kwa mtengo wa kokonati osaukwera."

"Nanga a Fomu 5?"

"A Fomu 5 alibe nthawi yojambula makwerero," anayankha a Khemraj, akunditulutsira pakhonde. "Ali pa mavekita ndi mamatirikisi, ndiponso akubwereza zonse kuyambira maseti, chifukwa mayeso omaliza safunsa kuti unaziphunzira chaka chiti. Tabweretsani ndione."

Anayang'ana, nayang'ananso. Anatulutsa kalikuleta, kudina, n'kuimba mluzu.

"21.93. Ndendende. Kopolo, munthu uyu wapeza sikweya ruti ndi dzanja. Taonani, wagawa manambala awiriawiri, akuwirikiza kumbaliku, akuchotsera, akutsitsa ena, ngati kugawa kwa mchira wautali kuja. Ine njira imeneyi ndinangoiona kamodzi m'buku lakale lodyedwa ndi njenjete. Anasiya kuiphunzitsa ndisanabadwe."

"Anjanie sangaidziwe?"

"Ine mphunzitsi wake sindingaichite popanda kuonera. Uyu anaphunzira masamu kalikuleta isanafike kuno. Saposa Fomu 3 pa njira yake, koma dzanja lake ndi lakuthwa. Ndipo zaka zake n'zopitirira makumi asanu."

Tonse awiri tinatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

* * *

"Ine?" A Cumberbatch anaimirira mpaka taye inalumpha. "Kopolo, Lachisanu ndinali woweruza masewero pamaso pa anthu mazana anayi, ndipo theka la iwo linanditukwana! Funsani aliyense. Komanso, poti mwandikakamiza kuulula, masamu ndinalemba katatu, katatu konse osaphula kanthu."

Kwa nthawi yoyamba ndinawamva ngati m'bale wanga.

Mlonda, a Gobin, ndinawapeza akusoka nsapato pageti. "Makwerero? Ine ndi bondo ili? Ngakhale pabedi ndimakwera mopempha. Lachisanu ndinali kubwalo, ndinabetcha kuti a timu yofiira awina, ndipo anandigwiritsa fuwa la moto. Pano panalibe munthu."

Nthawi inali itakwana 1 koloko. Ndinali ndi wakuba wa zaka zoposa makumi asanu, wodziwa masamu, wotha kukwera mafiti 20, amene anaba pepala limene sakanapindula nalo kanthu. Ndipo panalibe munthu wotero. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndikasokonezeka mutu chimene chimandithandiza ndi kudya.

Sukulu yathu, monga nyumba zambiri kuno, mbali yakutsogolo inaima pa mizati, ndipo kunsi kwake ndi kumene kuli kantini ya Anti Ismay. Mayi ameneyu ndi wamtali, wouma thupi, wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, ndipo mango a m'mitengo ya pasukulu amathyola yekha osatuma mwana. Folori wake, timipira tokazinga ta ufa wa nandolo tothira msuzi wa mango wowawasa, amadziwika mpaka ku tauni ya Rose Hall.

"Kopolo Semple! Mimba imeneyo ndi ya boma kapena yanu?"

"Ya boma, Anti. Ndipatseni khumi."

Ndinakhala pa benchi. Pamwamba pa mutu wanga panali matabwa a pansi pa Fomu 4 ndi Fomu 5, okhala ndi mipata yoti n'kulowetsa chala, ndipo mawu a a Khemraj ankatsika onse osatayika ngakhale limodzi. Anti Ismay anasolola pepala m'katoni, kulipinda ngati fanulo, kuthiramo folori n'kundipatsira. Nditadya atatu ndinaona kuti ndikunyambita msuzi pa aljebura ya mwana wina wa Fomu 2, dzina lake lili pamwamba.

Ndinasiya kutafuna. Ndinayang'ana katoni. Ndinayang'ana beseni la ufa wokanda, ndi mzere wa nyerere umene unkakwera mwendo wa tebulo. Ndinayang'ana pensulo imene inatsomekedwa m'duku la Anti Ismay.

"Akuti kwasowa pepala m'mwambamu," anatero iwo, akutembenuza folori m'mafuta osandiyang'ana.

"Eee. Koma wakubayo ndi mbuli," ndinatero mokweza. "Anayesa kuwerengera makwerero n'kulakwitsa. Sikweya ruti ya 481 a Khemraj akuti ndi 23."

Chipande chinaima.

"A Khemraj sanganene zimenezo."

"Atero. 23."

"Twente-fili kuchulukitsa ndi twente-fili ndi 529, Kopolo! Ndi 21.93, ndipo makwerero aafupi aja ndi mafiti 20, sakanafika, n'chifukwa chake..."

Mafuta okha ndiwo ankalira m'chiwaya.

"N'chifukwa chake munanyamula aatali," ndinamalizitsa.

Anapukuta manja pa epuloni, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Sanaoneke wamantha, koma wamanyazi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. "Pepala limodzi lokha, Kopolo. Sindinaonetse mwana aliyense. Ndinalemba ndekha Loweruka m'mawa, maola awiri ndi mphindi makumi anayi, wotchi ili patebulo, foni nditazimitsa."

"Bwanji osangopempha?"

"Ndipemphe andiseke? Komanso akangolemba ana, mawa lake a Khemraj amabwereza mayankho onse pamutu pangapa, ndimve ndisamve. Mapepala onse akale ndinawamva kale. Ndinkafuna limodzi loti ndikumane nalo maso ndi maso, ndidziwe ngati ndimatha kapena ndimangodzinamiza."

Ndinatulutsa pepala la makwerero lija, n'kulitembenuza kuti aone dzina. "Mwana uyu amutsekera m'laibulale kuyambira m'mawa. Bambo ake akubwera 2 koloko kudzamutenga, osabweranso."

Anti Ismay anawerenga dzinalo. Anazimitsa moto, folori akadali m'mafuta, anasolola kope la mayankho awo pansi pa thireyi ya mazira, n'kuyamba kukwera masitepe awiriawiri. Ine wa yunifolomu ndinafika m'mwamba ndili wefuwefu, iwo atalowa kale.

* * *

Bambo Bhagwandin anali atafika msanga. Anaima pakati pa ofesi, matope a kumunda ali m'mabuti, chikwama cha mabuku cha mwana wawo chili m'manja. Anjanie anali pakona.

Anti Ismay anaulula zonse ataimirira, osasiya ngakhale za phala la ufa. A Cumberbatch anatsegula pakamwa katatu, mawu osatuluka, chinthu chimene sichinaonekepo. Kenaka anang'amba kalata ija n'kuyamba kulankhula za komiti, za chilango, za mbiri ya sukulu. A Khemraj anadandaula kuti ayenera kukonza mayeso ena pofika Lachitatu, koma akudandaula choncho anali atatenga kale kope la Anti Ismay, bolopeni yofiira ili m'manja.

"Chabwino, sanabe," anatero Bambo Bhagwandin. "Koma wapolisi wabwera chifukwa cha mwana wanga, ndipo pofika madzulo mudzi wonse ukhala ukunena. Sukulu yakwana. Anjanie, tiye."

Mtsikana uja anandiyang'ana, koma lamulo loletsa bambo kutenga mwana wake ine ndinalibe.

Anti Ismay anaima pakhomo.

"Achimwene, mundimvere kaye, kenako mudutse. Ine ndinali woyamba m'kalasi pasukulu yomwe ino, Fomu 1, Fomu 2, Fomu 3. Mayi atadwala, bambo anga anabwera pa njinga kudzanditenga kuti ndikalere azing'ono anga. Sanali munthu woipa, ankafanana ndi inu. Tsiku limenelo aphunzitsi anali atanena kuti mawa tiyamba saini ndi kosi. Mawa limenelo ndinalidikira mpaka imvi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala pansi apa ndikukazinga, khutu lili kudenga, kutola masamu ogwa m'mipata ya matabwa ngati nkhuku. Ndakwera makwerero ngati mbava pa ukalamba uno chifukwa cha pepala limene mwana wanu akupatsidwa ulere Lachitatu. Mukamutenga lero, sakaiwala. Azikayeza nsalu za azakhali ake mutu uli kuno."

M'chipindamo munkangomveka bolopeni ya a Khemraj.

Bambo Bhagwandin anakanda chibwano, n'kuloza kope ndi mlomo. "Apeza zingati?"

"78," anatero a Khemraj, mawu awo aakulu aja atachepa. "Mavekita onse akhoza. Trigonometiri yonse akhoza. Agwa pa mamatirikisi pokha."

"Mamatirikisi samveka ndi makutu," anatero Anti Ismay mokwiya. "Inu mumangoloza pa bolodi n'kumati iyi ndi iyi, iyi ndi iyo. Ine pansi ndidziwa bwanji kuti iyi ndi iti?"

Anjanie anaseka misozi ili m'masaya. "Anti, mwandiliritsa kuyambira 8 koloko."

"Ndikudziwa, mwanangu. Undikhululukire."

"Mawa pa buleki ndibweretsa buku ndikuonetseni kuti iyi ndi iti. Koma folori ndidya waulere mpaka ndimalize mayeso." Anaima, n'kuyang'ana bambo ake. "Ngati mawa ndidzakhale ndilipo."

Bambo Bhagwandin anayang'ana mayi wa epuloni uja nthawi yaitali, kenaka mwana wawo. Anakweza chikwama chija, nachikoleka paphewa la Anjanie, n'kukonza lamba wake amene anapotoka.

"Mayi awa apeza 78 ndi makutu okha," anatero. "Iwe uli ndi mpando, bolodi, ndi maso awiri. Ukandibweretsera zochepera pamenepo tidzaonana. Thamanga, anzako ayamba kale."